Kalata Imene Malume Sanalembe

Makina otumizira imelo a masiku amenewo anali aulemu kwambiri, koma anali opusa. Ndikunena zimene ndikuzidziwa, chifukwa ulemu wawo ndi kupusa kwawo ndi zimene zinandisiyitsa mowa, ine munthu amene ndinkaukonda.

Ndinali nditangotha zaka ziwiri ku Canada. Ndinkachita lendi kachipinda kapansi pa nyumba ya munthu wina ku Etobicoke, kufupi ndi bwalo la ndege, moti ndege ikamadutsa supuni inkalira yokha m'kapu. Masiku anayi pa sabata ndinkanyamula makatoni kuweyahausi, nyumba yaikulu yosungiramo katundu, masiku otsalawo ndinkakwera basi, kenako sitima, mpaka ku Oshawa kukaphunzira za makompyuta pa koleji ina. Musandifunse chifukwa chimene ndinasankhira sukulu yakutali chonchi. Ndi yokhayo imene inandilandira.

Pa kolejipo panali mphunzitsi wina wandevu, amene ankanyansidwa ndi anthu otumiza imelo pongodina batani. Iye ankati amene sadziwa kutumiza kalata ndi manja ake sadziwa kanthu. Ndiye anatikhazika pa masikirini akuda bii, opanda chithunzi ngakhale chimodzi, n'kutiphunzitsa kuyankhula ndi makina a positi pamaso m'pamaso.

Zinkayenda chonchi. Umagogoda pa khomo la makinawo, khomo nambala 25, iwo n'kuyankha kuti alipo. Umalemba HELO, ndiye kuti odi. Iwo amayankha 250, ndiye kuti eee, fikani. Umalemba MAIL FROM n'kutchula mwini kalata, iwo 250. Umalemba RCPT TO n'kutchula wolandira, iwo 250. Ukalemba DATA amakuuza kuti yankhulani tsopano, tikumva. Apo umalemba kalata yako mzere ndi mzere, ndipo mzere ukangoutsitsa sungabwererenso kukaukonza. Ukalakwitsa, kapena uzisiye choncho, kapena udule zonse uyambirenso pa odi. Ukamaliza umayika kadontho kamodzi pa mzere wakewake, basi kalata yapita, ndipo palibe amene angaibweze. Pomaliza umatsanzika ndi QUIT, makina n'kukuperekeza.

Anzanga m'kalasimo ankadandaula kuti ndi njira yaitali. Ine ndinkangomva ngati ndafika kwathu ku Ntchisi, kumene sungalowe pakhomo pa munthu n'kuyamba nkhani usanapereke moni. Ndinaikonda njirayi mpaka ndinkakhoza kuposa onse. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinandidabwitsa. Pa MAIL FROM paja makina sankafunsa umboni. Ukanena kuti ndiwe wakuti, ankangovomera. Anyamata a m'kalasi ankatumizirana makalata ochokera kwa nduna yaikulu ya dziko, ena ochokera kumwamba kumene, makina n'kumangoti 250. Ine ndinkaseka nawo, ndikudziuza kuti zachibwana zotere sindingachite.

Nthawi imeneyo n'kuti mtima wanga uli ku Brampton. Kunali mtsikana wina amene ndinakumana naye pa mapemphero a Amalawi, omwe tinkachita kamodzi pa mwezi mu holo yobwereka. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mwina n'chifukwa chake ankayankhula ndi ine pang'onopang'ono ndi momveka bwino, ngati munthu woiwalaiwala. Ndinamufunsira, anandilola. Koma ankakhala ndi azakhali ake, ndipo amuna a azakhaliwo anali mkulu wa mpingo, bambo amene ankamanga tayi ngakhale pokokola chipale chofewa pakhomo.

Tsiku limene ndinakadzionetsa, bambowo anandikhazika pa mpando wa alendo, wokutidwabe ndi pulasitiki, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Achimwene, ife sitikukana ayi," anatero. "Koma mwanayu sitinamutole pa siteshoni. Panja apo ndi ku Canada, m'nyumba muno ndi ku Malawi. Tikufuna mawu a malume anu. Anene kuti akukudziwani, akuvomera, ndipo ndi ankhoswe anu. Akatero, chinkhoswe tichita ngakhale mawa."

Ndinavomera msangamsanga, chifukwa ndinkaona ngati n'zophweka. Malume anga, alongo awo a mayi, ndi amene anandilera bambo atamwalira. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wa cholembera chofiira m'thumba la malaya, amene ankayankha kalata iliyonse tsiku lomwelo, ndipo nthawi zina ankandibwezera yanga yomwe atachonga zolakwika. Ndinawalembera kalata ya masamba anayi n'kuiponya.

Panapita miyezi iwiri, zii. Ndinalemba yachiwiri, zii. Ndinalemba yachitatu, ndikudandaula ngati mwana wamasiye, koma yankho silinabwere. Telefoni kwathu kunalibe. Makalata ena a kumudzi ankafika bwinobwino, onena kuti onse ali bwino ndipo malume akuyenda, akudya, akukalipa monga mwa masiku onse. Ndinakwiya kwambiri. Ndinaganiza kuti akundikhaulitsa chifukwa ndapeza mkazi popanda kuwafunsa.

Ndiye mtsikana uja analandira kalata yomuitana ku ntchito yabwino ku Alberta, kutali kwa masiku angapo pa basi, ndipo anayenera kuyankha mwezi wa Marichi usanathe. Anandiuza tili m'sitolo, akusankha anyezi.

"Ine ndikufuna ndidziwe," anatero, osandiyang'ana. "Ndikudikira munthu kapena ndikudikira positi? Ngati ndi positi, ku Alberta nakonso iliko."

Apa m'pamene panagona nkhani. Mwezi ukatha opanda mawu a malume, iye akwera basi, ine nditsala ndi makatoni anga.

Satana sabwera ndi nyanga. Kwa ine anabwera kudzera pakamwa pa mkulu wa mpingo. Bambo aja anali atangogula kompyuta, n'kuiyika pabalaza, azakhali n'kuifunditsa kansalu koluka ngati kamene timafunditsa wailesi. Adiresi yawo ya imelo anaigawa kwa aliyense, ngakhale kwa anthu amene sanawapemphe. Lamulungu lina atandiona ndakhala ndwii, anati, "Koma achimwene, dziko linasintha. Bwanji malume anuwo osangotisendera imelo?"

Zoona, njira inalipo. Pa boma, mtunda wa ola limodzi pa njinga kuchokera kwa malume, panali ofesi ya bungwe lina la zaulimi yomwe inali ndi kompyuta imodzi ndi adiresi imodzi ya imelo. Boma lonse linkalandirira pomwepo. Kalaliki wa pa ofesipo ankasindikiza uthenga uliwonse, n'kuuwerenga kuti adziwe mwini wake, n'kuuwerenganso kuti amve bwino nkhaniyo, kenako n'kuupereka kwa aliyense wolowera kumeneko. Chaka changa choyamba ku Canada ndinali nditatumizirapo malume moni wa Khirisimasi kudzera pamenepo, ndipo anandiyankha pa pepala ndi cholembera chofiira kuti nkhani za pabanja sizidutsa m'manja mwa kalaliki, ndisadzayerekezenso. Choncho kuwafunsa za ukwati pa njira imeneyo kunali kudziputira mkwiyo. Koma adiresi ya ofesiyo ndinali nayo, ndipo khomo nambala 25 ndinkalidziwa.

Ndinadziuza kuti si bodza kwenikweni. Malume akanavomera ndithu, kungoti achedwa. Ine ndingowathandiza kufulumira.

Loweruka masana ndinapita ku Oshawa. M'chipinda cha makompyuta munali anthu awiri okha, aliyense ali pa zake. Ndinakhala pakona. Ndinagogoda. HELO. Makina anati fikani. Ndinalemba MAIL FROM n'kuyika adiresi ya ofesi ya zaulimi ya kwathu. Mumtima ndinkafuna makinawo andifunse kuti kodi iwe, wa ku Etobicoke, wakhala liti kalaliki wa ku Ntchisi? Sanafunse. Anangoti 250.

Kalata yoyamba inali yaifupi ndi yaulemu: mnyamatayu ndi mwana wa mlongo wanga, ndikumudziwa, ndavomera. Ndisanayike kadontho ndinaiwerenga, ndipo ndinakhumudwa. Zoona malume angandilere zaka zonsezi n'kulephera kunenapo chabwino chimodzi? Ndinadula, n'kuyambiranso pa odi. Yachiwiri ndinawonjezera kuti ndine wolimbikira ntchito. Nditafika pakati ndinaona kuti mawu amodzi okhawo akuoneka amasiye. Ndinadulanso. Pa yachitatu ndinamasuka, zala zikuthamanga zokha, ndipo mzere uliwonse ukatsika unkaitana unzake. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kalatayo ndimaikumbukira yonse, pa zifukwa zimene mumve posachedwa. Itatha moni wautali, wofunsa za moyo wa bambo ndi mayi ndi kunena kuti kuno chimanga chayamba kucha, inati:

"Mwana wa mlongo wangayu ndamulera ndekha ndipo ndikumuperekera umboni. Mowa salawa ngakhale dontho. Amadzuka tambala asanalire. Kutchalitchi sajomba. Sachita manyazi kuphika ndi kutsuka mbale ngakhale mkazi ali pomwepo. Sakwiya msanga. Mwa ana onse a mlongo wanga, wanzeru kwambiri ndi ameneyu. Mwana wanu akadzalira chifukwa cha iye, mudzandifunse ine."

Pansi ndinalemba dzina la malume. Ndinayang'ana sikirini kwa kanthawi, m'firiji mwanga ku Etobicoke muli mabotolo anayi otsala a dzulo lake. Kenako ndinadina kadontho. Makina anati 250, alandira. Ndinatsanzika mwaulemu n'kukakwera sitima.

Mawa lake, titaweruka kutchalitchi, anandiitanira ku Brampton. Ndinapeza bambo aja atasindikiza kale kalatayo, ataiyika m'kapulasitiki kuti isade. Anaimirira pakati pa balaza, anakonza tayi, n'kuiwerenga mokweza ngati kalata ya kwa Akorinto. Pa mzere wa mowa anaima n'kundigwira chanza. Pa mzere wa mbale anayang'ana kumbali n'kudutsapo mofulumira. Mtsikana uja anali ataima pakhomo la kukhitchini, akupukuta kapu imodzi yomweyo, maso ali pa ine.

Azakhali sanasangalale nawo. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachifuwa, kenako anati, "Malume amenewa ndi a ku Malawi komwe tikukudziwa ife? Kwathu malume akamapereka mnyamata amati, nachi chitsiru chathu, mutithandize kulera. Awa akuchita ngati akugulitsa njinga."

"Mayi, anthu ophunzira amalemba chonchi," anatero bambo.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero azakhali, osamaliza, n'kulowa kukhitchini.

Ine ndinaseka nawo pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapulumuka. Ndinali nditanyamula kale kapu ya tiyi pamene bambo anawonjezera, monyadira, "Ndipo musadandaule za yankho, achimwene. Ndawariplaya kale m'mawa uno tisanapite kutchalitchi. Kungodina kamodzi, basi. Ndawathokoza kwambiri chifukwa cha kalata yawo yokoma."

Tiyi uja sindikudziwa kuti anatsikira kuti. Ine wokhoza kuposa onse m'kalasi, ine wanzeru mwa ana onse a mlongo wa malume, sindinaganizeko kuti munthu akalandira kalata amayankha. Ndipo yankho silipita kwa amene analemba, limapita ku adiresi imene yalembedwa pamwamba. Choipa kwambiri, kompyuta ya bambowo inkamata kalata yoyamba pansi pa yankho, yonse, mzere ndi mzere. Ndiye kuti pa nthawi imeneyo bodza langa linali pa ulendo wopita ku Ntchisi, kukagwera m'manja mwa kalaliki wowerenga kawiri, kenako pa njinga mpaka pakhonde pa malume.

Mtsikana uja anandiperekeza pokwerera basi. Tinayenda chipale chosungunuka chikulowa m'nsapato zanga. Tili pafupi kufika anati, "Lachisanu lapitali munandipatsa moni mukununkha chiyani?"

Anali atasiya kunditchula kuti iwe. Ndinadziwa kuti zavuta.

"Ndinalemba ndine," ndinatero.

"Ndinadziwa pa mbale paja. Kwanu kuja ndinaona poto atamera ndevu musinki." Anaima n'kundiyang'ana. Sanaseke. "Mwanamiza anthu amene akundisunga. Mwaba dzina la munthu amene anakulerani. Ine sindikaulula, si ntchito yanga. Koma malume anu akakana kalatayi, musadzapondenso ku Brampton, ndipo ine ndikupita ku Alberta. Mwamva?"

Ndinamva. Basi inabwera, ndinakwera, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinkamukonda mtsikanayu, ndipo ndinali nditamutaya ndi zala zanga zomwe.

Masiku asanu ndi anayi anadutsa. Kompyuta ya pa ofesi ija inkalumikizana ndi dziko kamodzi pa tsiku, magetsi ndi telefoni zikagwirizana, ndiye ndinayamba kupempherera zinthu zimene Mkhristu sayenera kupempherera. Ndinapempha kuti mtengo ugwere pa waya. Ndinapempha kuti inki ithe. Ndinapempha kuti wonyamula kalatayo akumane ndi mvula pa mlatho, kapena pepalalo apichire fodya. Kuweyahausi ndinakweza makatoni a ku Windsor m'lole ya ku Ottawa, kapitawo n'kundifunsa ngati ndikudwala. Ndinaganizapo zolemba kalata ina, yochokera kwa kalaliki, yonena kuti malume asamukira ku Mozambique. Ndinafika mpaka pa HELO, makina n'kundilandira ndi manja awiri monga mwa nthawi zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinanyansidwa ndi ulemu wawo. Ndinatsanzika osalemba kanthu.

Tsiku lakhumi, Lachitatu, bambo a ku Brampton anaimba telefoni m'mawa ndisananyamuke. "Achimwene, malume anu ayankha," anatero. Ndinakhala pabedi. Anandiwerengera, ndipo inali mizere itatu yokha.

"Bambo, ndalandira mawu anu ndipo ndathokoza. Zonse zimene zalembedwa m'kalata ija pamwamba pa dzina langa ndi zoona, ndipo pamene pakuperewera muona posachedwa. Unkhoswe ndavomera, musankhe munthu wamkulu kumeneko andiimirire."

"Lero alemba mwachidule," anatero bambo, mokhumudwa pang'ono. Kumbuyo ndinamva mawu a azakhali akuti, "Eya, awa ndiye malume."

Ndinapita ku Oshawa ndikuyandama. Ndinkaganiza kuti nkhalamba yandikhululukira, kapena kalaliki wasokoneza mapepala, mwina Mulungu wamva limodzi la mapemphero anga oipa aja. Nditatsegula bokosi langa la imelo pa koleji, ndinapeza uthenga wochokera ku adiresi ya ofesi ya zaulimi, weniweni tsopano. Pamwamba kalaliki anayikapo mawu ake: "Akulu, bambowa abwera okha, mwana wa aneba akuwakweza pa njinga. Akhala pano m'mawa wonse. Ndalemba monga anenera, sindinachotsepo kanthu, musandide ine." Kenako malume.

"Iwe. Makalata ako atatu ndili nawo m'thumba la jekete, osatsegula. Maso anga anachita ng'ala chaka chatha. Ndimaona kuwala ndi mdima, zilembo ayi. Sindinauze munthu kupatula mayi ako, ndipo ndinawaletsa kukulembera. Kulemera kwa maenvulopu ako kunandiuza kuti muli nkhani yaikulu, ndiye sindinafune kuti mwana wa sukulu andiwerengere za m'banja mwathu. Ndinkati maso akayera ndiwerenga ndekha. Pamenepo ndinalakwa ndine, ndakusunga nthawi yaitali.

"Tsopano za kulakwa kwako. Kalaliki uyu wandiwerengera kalata imene akuti ndinalemba. Wawerenga pakhonde, pali anthu asanu ndi mmodzi, ndipo pofika madzulo mudzi wonse ukhala ukudziwa kuti iwe umatsuka mbale. Ndikanatha kuuza bambo a kumeneko kuti ndiwe wakuba mayina. Koma mtsikana amene wadikira miyezi yonseyi sanandilakwire. Ndiye ndavomera.

"Koma umve bwino. Ine ndaphunzitsa ana zaka zambiri ndipo palibe amene ananditchulapo wabodza. Sindiyamba lero chifukwa cha iwe. Kalatayo ili ndi dzina langa, choncho zonse zili m'menemo zikhale zoona kuyambira tsiku limene ulandire mawu ano. Mowa wasiya. Tambala asanalire, wadzuka, ndipo usandiuze kuti kumeneko kulibe atambala. Kutchalitchi, mbale, mtima wako wapachala uja, zonse. Unalemba wekha, palibe anakukakamiza. Unalembanso kuti mwana wawo akadzalira adzandifunse ine. Asadzandifunse.

"Mzere umodzi wokha ndakumasula, wakuti ndiwe wanzeru mwa ana onse a mlongo wanga. Umenewo ngakhale utayesetsa sungauthe. Munthu wanzeru akamaba sasiya adiresi."

Ndinaseka mpaka mphunzitsi wandevu uja anatembenuka. Kenako ndinawerenganso ndime ya maso ija, ndipo kuseka kunatha. Miyezi yonseyi ndinkawakwiyira, ndikuwatchula ouma mtima, pomwe iwo akuyenda ndi makalata anga pachifuwa, kudikira tsiku limene adzaonenso. Munthu wonyada ngati ameneyo anakwezedwa pa njinga ngati thumba la chimanga, n'kukaulula khungu lake pamaso pa kalaliki amene ankamukana, kuti ine ndisataye mkazi. Ndinalira pamaso pa sikirini yakuda ija, ndipo sindikuchita manyazi kunena.

Madzulo ake mabotolo anayi aja ndinapatsa mwini nyumba, amene anandifunsa ngati adokotala andipeza ndi matenda. Poto wandevu uja sindinayese n'komwe kumutsuka, ndinamutaya. Lamulungu ndinapita ku Brampton ndi pepala la malume, n'kulipereka kwa mtsikana uja pokwerera basi pomwe paja. Analiwerenga kawiri, ngati kalaliki. Analipinda n'kuliyika m'chikwama chake.

"Ili ndisunga ine," anatero. "Ndi linzake lija la m'kapulasitiki ndikatenga kwa ankolo. Iwe ukhoza kuiwala."

Anali atabwerera pa iwe. Ku Alberta anawalembera kuti zikomo, apeze wina.

Chinkhoswe tinachitira mu holo yobwereka ija, bambo wina wachikulire wa ku Dowa ataimirira malume. Bambo a ku Brampton anawerenganso kalata yanga pamaso pa anthu onse, ndipo mpaka tsiku limene anamwalira ankakhulupirira kuti ndi kalata yabwino kwambiri imene malume aliyense analembapo. Azakhali sanandiulule. Kungoti nthawi iliyonse tikadya kwawo, ankasonkhanitsa mbale zonse, ndi mapoto omwe, n'kundiyikira patsogolo, akuti, "Paja malume anu anati simuchita manyazi."

Chaka chotsatira malume anawachita opaleshoni diso limodzi, ndipo linayera. Chinthu choyamba chimene anawerenga ndi makalata anga atatu aja. Anandibwezera onse pa positi, atachonga ndi cholembera chofiira.

Masiku ano tikukhala ku Brampton, ndipo mwana wathu wamkazi ndi wamkulu, amagwira ntchito ya makompyuta yomwe ine sindiimvetsa. Tsiku lina ndinafuna kumuonetsa mmene tinkatumizira makalata ndi manja. Ndinagogoda pa khomo lakale lija, ndinapereka odi, ndinatchula dzina la munthu wina. Makina a masiku ano anandikana pomwepo, akufuna umboni wakuti ndine ndani ndipo wandituma ndani. Mwanayo anaseka. "Dad, you can't just say you're somebody," anatero. Ndinamuuza kuti makina nawo afika pofuna ankhoswe. Sanamve, ndipo mayi ake anangoti kuchipinda kuli mapepala awiri amene adzamuwerengere tsiku limene adzabweretse mnyamata pakhomo.

Malume anamwalira zaka zingapo zapitazo, m'nyengo yozizira, ndipo sindinathe kupita kumaliro. Patapita sabata, anthu obwera kudzatipepesa atachepa, mkazi wanga anabwera kuchokera kusitolo n'kuyika botolo limodzi la mowa patebulo, lozizira, la mtundu umene ndinkamwa kale. Sindinadziwe kuti ankaukumbukira.

"Amene anakumanga apita," anatero. "Wayesetsa zaka zonsezi. Ukafuna, imwa. Sindikuuza munthu."

Ndinaligwira botololo. Kukhosi kunkafuna, sindinama. Koma pansi pa kalata ija pakadali dzina lawo, ndipo ndine ndinaliyikapo. Ali moyo akanatha kudziteteza okha ndi cholembera chofiira. Tsopano amene angawasandutse wabodza ndine ndekha.

Ndinabweza botololo m'thumba lake n'kupita kusinki, chifukwa alendo anali atasiya makapu ambiri. Mzere wa mowa ndausunga, wa mbale ndausunga, kudzuka ndi kutchalitchi ndimayesetsa. Wakusakwiya msanga uja ukundivutabe mpaka lero, ndipo mkazi wanga akangoona mitsempha yatuluka pakhosi amanyamuka kukatenga pepala. Ndimakhala pansi asanafike nalo. Malume anga sananamepo.